Mchere wa Nangondo ndi Lilime la Gologolo

Padangokhala, kale nyama zisanaleke zofunsirana mbeta ndi kuika ankhoswe, kunali Nungu wina wa kwa Chisale amene anali mkulu wa asilikali a mfumu. Mivi yake ankayenda nayo pamsana, ndipo akamadutsa, ngakhale Kambuku ankakumbukira kuti ali ndi ulendo wina. Khasu ankalidziwa, nkhwangwa ankaidziwa. Chimene sankachidziwa ndi kulankhula. Mukamupatsa moni lero, ankayankha mawa lake.

Nunguyo anaona namwali wa mtundu wa mbira, dzina lake Nangondo, namukonda. Anapita kangapo kukaima panjira ya kuchitsime, koma ulendo uliwonse ankabwerako mawu ali m'mimba. Pamapeto pake anatuma bwenzi lake Gologolo kuti akamulankhulire.

Gologolo anali mlankhuli wa pabwalo la milandu, ndipo chibadwire sanagonjepo. Ankatha kukuuza kuti mchira wakowo ndi wobwereka, iwe n'kupepesa. Anamupeza Nangondo akusinja, nayamba.

"Mwini wake bwanji osabwera yekha?" anafunsa Nangondo.

"Ali kumunda, akulimira inu ndi ana anu amene sanabadwe."

"Amalankhula ngati inu?"

"Ine ndimangotola nyenyeswa za mawu ake," anatero Gologolo.

Anabwera tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, ndipo tsiku lililonse Nangondo ankaseka mpaka kuiwala munsi m'manja. Anavomera. Atsibweni ake, Mbira wamkulu amene anali mwinimbumba, anangoyang'ana mapewa a Nungu n'kuona nkhokwe yodzaza, navomeranso. Gologolo anaikidwa kukhala nkhoswe ya kuchimuna, atsibweni aja ya kuchikazi, ndipo Nungu anabwera kudzakhala pachikamwini.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nungu sankamenya mkazi, sankamwa mowa, sankayendayenda. Ankapita kumunda, n'kubwera, n'kudya, n'kutembenukira kukhoma. Mawu ake a m'nyumba anali oti madzi, ndiwo, tseka chitseko. Nangondo akati asendere pafupi kuti acheze, ankabayidwa ndi minga, mwini wake osadziwa n'komwe kuti wabaya munthu. Zaka ziwiri zinatha Nangondo akudikira mawu aja amene anangomva nyenyeswa zake.

Tsiku lina anatopa, naitanitsa ankhoswe.

"Akukumenya?" anafunsa atsibweni.

"Ayi."

"Nkhokwe ili mbee?"

"Ayi."

"Nanga wationongera tsiku chifukwa chiyani?"

"Salankhula nane."

Atsibweni anaseka mpaka kutsokomola. "Ukwati ndi kupirira, mwana iwe. Mawu sadyedwa. A Gologolo, tamulangizeni, ine ndikapalire fodya wanga."

Gologolo anatsala ndi Nangondo pamtondo, poyera, monga nkhoswe imaloledwa. Nangondo sanazungulire.

"Ankhoswe, ine ndinavomera inu. Awa sindinawavomere."

Gologolo nayenso msampha umene anatchera unali utamukola yekha mwendo, ndipo chichokereni pamtondo paja tsiku lachitatu lija ankamuganizira Nangondo m'mawa ndi masana. Koma nkhoswe ndi kholo la ukwati. Ikatenga mkazi wa muukwati umene inamanga yokha, onse awiri amawathamangitsa m'dziko, ndipo nkhosweyo sidzatsegulanso pakamwa pabwalo lililonse.

"Pali njira," anatero Gologolo. "Nungu achoke pakhomo pano ndi mlandu, mwamwambo. Ukwati ukatha, unkhoswe umathera pomwepo. Ikadutsa mvula imodzi anthu adzaiwala, ine n'kubwera ngati mlendo wina aliyense."

"Atsibweni sangamulole achoke. Amawalimira."

"Tidzamupezera mlandu umene ngakhale iwo sangaubise."

"Nanga inu pamlandupo mudzatani? Paja ndinu womulankhulira."

"Ine changa n'kukhala chete basi."

"Mungathe?"

"Chinthu chapafupi chimenecho," anatero Gologolo.

Kumeneko mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankakumana maso. Akaonana panjira, wina ankalowa patchire. Kukhala pamphasa pawo kapena kudya iwo akuona, zimenezo ndiye sizinkayerekezedwa n'komwe. Gologolo anapita kumunda kwa Nungu.

"Achimwene, apongozi anu apita kutsidya kukaona matenda, abwera mkuja. Akusiyirani chinangwa chootcha pakhonde pawo. Ati mkamwini wanga akaweruka akhale pomwepo adye."

Nungu anapita, nakhala pamphasa, nayamba kudya. Apongozi, amene anangopita kudimba kukathyola masamba, anatulukira kuseri kwa nyumba n'kumupeza masaya ali tutumu. Anadzifunda nsalu kumaso nalira ngati pagwa maliro.

Mlandu unaitanidwa. Atsibweni analankhula mtima uli kumunda umene unali utapaliridwa theka.

"Nkhaniyi ili poyera. Mlongo wanga wachititsidwa manyazi. Mkamwini azipita. Pepani a Gologolo, apa ngakhale inu mulibe poponda."

Gologolo anali atagwira pakamwa ndi manja awiri. Koma mawu oti ngakhale inu anamuyabwa ngati chitedze. Mchira unayamba kugwedezeka wokha. Asanadziwe, anali ataimirira.

"Tabweretsani mphasayo."

Anaibweretsa. Inali yobowokabowoka.

"Munthu wongofuna kudya amakhala mopepuka," anatero Gologolo. "Uyu anakhala mokanikiza mpaka minga kulowa m'dothi. Chifukwa chiyani? Anaona mphiri ikulowa pansi pa mphasa ya apongozi ake."

"Nanga kudyako?" anafunsa atsibweni, nkhope itayamba kuwala.

"Mumafuna akuwe kuti njoka, mayi okalamba agwe ndi mantha? Anatseka pakamwa ndi chimene anapeza."

"Njokayo ili kuti?"

"Inu atakukhalirani nungu, mungadikire kuti akufunseni mafunso?"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Apongozi anatumiza mtsuko wa thobwa kwa mkamwini wawo wopulumutsa moyo. Nungu, amene sanaone njoka iliyonse, anangoyang'ana pansi. Ukwati unalimba kuposa kale.

Masana ake Nangondo anali pamtondo akuimba. Inali nyimbo yaifupi, yoyenda ndi munsi, yofunsa mthenga amene anabweretsa uchi pakhomo kuti bwanji anasiya phula lokha, ndipo pothera pake inkabwereza funso loti mwini uchi ali kuti. Amayi anzake ankavomera bwino osadziwa kuti ikunena yani. Gologolo anafika ngati wodzalangiza.

"Lilime linaterereka," anatero.

"Ndinaona."

"Ulendo uno sizichitikanso. Ndaganiza ina."

Ina yake inali iyi. Mkazi akatulutsa khasu, nkhwangwa ndi mphasa ya mwamuna n'kuziika panja masana anthu akuona, ndiye kuti wamuthamangitsa, ndipo mwamuna wodzilemekeza safunsanso. Nangondo anachita zomwezo. Koma poti anali mkazi waukhondo, sanaponye. Anayala mphasa bwinobwino, khasu apa, nkhwangwa apa.

Nungu atabwera anaima nthawi yaitali akuyang'ana katundu wake. Kenako anafuna luzi nayamba kumanga. Atsibweni anathamanga, nsalu ikugwa, kukaitana ankhoswe.

Tsiku limenelo Gologolo anabwera atadzaza mtedza m'masaya onse awiri kuti asapeze polankhulira.

"Mwanayu wachita yekha, tonse taona," anatero atsibweni. "Akuchimuna mukuti bwanji?"

Gologolo anagwedeza mutu.

"A Gologolo, tikumva inu."

Gologolo analoza masaya ake.

Pamenepo Nkhanga, namkungwi wa m'deralo, amene sankasunga mawu, analankhulira pambali koma mokweza kuti onse amve.

"Musiyeni, wakula. Lilime nalo limatha ngati khasu."

Gologolo anameza mtedza wonse nthawi imodzi, misozi ikutuluka. Anatola khasu la Nungu naonetsa bwalo timabowo ta pampini, timene mpini uliwonse wakale umakhala nato.

"Ichi n'chiyani, amayi namkungwi?"

"Chiswe."

"Chiswe. Ndipo inu amene mumalangiza atsikana, tatiuzani, mkazi wothamangitsa mwamuna amayala katundu kapena amaponya?"

"Amaponya."

"Uyu anayala padzuwa. Anaona chiswe chikudya zida za mwamuna wake, nazitulutsa kuti ziume. Ife m'malo momuthokoza tamukhazika pamlandu."

"Atsibweni, ine sindinaone chiswe," anatero Nangondo.

"Khala chete, akulu akulankhula," anatero atsibweni, amene yankho la Gologolo linali litawakwanira.

Nungu anamasula luzi nabwezera katundu m'nyumba. Anthu anamunyamula Gologolo m'mwamba, ndipo iye, tinene zoona, zinamukomera. Chisoni chinabwera atamutsitsa.

Nangondo anaimbanso nyimbo ija pamtondo, koma tsopano munsi unkagwa molemera. Funso la mwini uchi analisiya. Ankangobwereza za mthengayo, kuti ali ndi miyendo yobwerera koma alibe yoimira. Gologolo atafika, Nangondo sanaleke kusinja.

"Nkhanga ndiye anandiputa," anatero Gologolo. "Ndaganiza yachitatu."

"Isungeni."

"Iyi ndiye yosalephera."

"Ndati isungeni, ankhoswe. Yachitatu ndi yanga."

Panali lamulo limene mtsikana aliyense ankalimva kuchinamwali. Mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina sathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, chifukwa akathira, mwamunayo amadwala tsempho, kutupa miyendo ndi kutsokomola mpaka kufa. Nangondo sanayende ndi wina aliyense. Koma kuyambira tsiku limenelo anaphika ndiwo zopanda mchere, n'kuika mcherewo paphale pambali pa mbale.

"Thirani nokha, a Chisale."

Masiku oyamba Nungu anaganiza kuti ndi za kumwezi, nathira yekha. Sabata inatha, yachiwiri inatha. Mwezi unafa, wina unaoneka, phale lili pomwepo. Nungu anali wosalankhula, koma sanali wopusa. Tsiku lina anasiya ndiwo osazikhudza napita yekha kwa atsibweni.

Nkhani inafala, ndipo tsiku la mlandu kunabwera nyama zimene sizinkabwera ngakhale pamaliro. Mlandu usanayambe, Gologolo anapempha kuti aonane ndi mkaziyo pambali monga nkhoswe.

"Mwachita chiyani, Nangondo? Ndani ameneyo?"

"Palibe."

"Nanga mwadzipaka matope chifukwa chiyani?"

"Lero sindikupemphani kuti mukhale chete, ndaona kuti simungathe. Lero mulankhule. Akafunsa kuti mwamunayo ndani, muimirire munene kuti ndinu."

"Koma sitinachite kanthu."

"Ndikudziwa. Njoka ija munachita kuiona?"

"Atithamangitsa m'dziko."

"Katundu wanga ndamanga kale, ali kuseri kwa chitseko."

"Pabwalo sindidzalankhulanso mpaka kufa."

"Muzidzalankhula ndi ine," anatero Nangondo.

Gologolo anamuyang'ana, ndipo ankamukondadi. Zimenezo tisamunamizire. Anati, "Ndinena."

Anakhala pansi onse. Mbale ya ndiwo ndi phale la mchere anaziika pakati ngati mboni. Atsibweni anali atakalamba m'tsiku limodzi lokha.

"Nangondo, wakana kuthira mchere mwezi ndi theka. Tonse tikudziwa tanthauzo lake. Mwamunayo ndani?"



Ndiye Nungu anaimirira. Nyama zimene zinali pafupi zinasendera kumbuyo poopa mivi. Koma iye anangolankhula, ndipo anali mawu ochuluka kuposa onse amene analankhula chikwatire.

"Ngati mwamunayo ali pano, aime. Sindimulasa, ndalumbira. Nditenga khasu langa ndizipita kwathu. Mkaziyu sindinamuonepo akuseka m'nyumba mwanga. Ngati alipo amene amamuseketsa, amutenge."

Anakhala pansi.

Gologolo anaimirira. Nangondo anakweza mutu, nakonza nsalu yake ngati munthu amene akunyamuka ulendo.

Nyama zonse zinatembenukira kwa Gologolo. Iye anaona maso amenewo, mazana ndi mazana, onse akudikira. Palibe amene ankamukayikira. Ankangofuna kuona ngati mlankhuli wawo angatuluke ngakhale m'dzenje ili. Kumbuyo wina ananong'oneza kuti uwu wokha sauwina, mnzake n'kuyankha kuti dikira uone. Ndipo nthawi yomweyo m'mutu mwa Gologolo munagwa yankho, lokongola kuposa la njoka, losalala kuposa la chiswe, loti akalisiya palibe amene adzadziwe kuti linalipo. Ulendo uno palibe anamuputa. Anasankha yekha.

"Mwamunayo sangaime," anatero, "chifukwa alibe miyendo."

Bwalo linasendera pafupi.

"Ine monga nkhoswe ndamufunsa mayiyu pambali, munandiona. Mwezi wapitawo analota munthu wachilendo atamugwira dzanja. Basi, dzanja, kutulo. Atadzuka anachita mantha kuti mwina ngakhale loto likhoza kusempha mwamuna wake. Manyazi anamuletsa kufunsa. Ndiye anasankha kuti dziko lonse limutche wachigololo kusiyana ndi kuti mwamuna wake atsokomole kamodzi. Amayi namkungwi, loto limasempha?"

"Silisempha," anatero Nkhanga.

"Ndiye tamuonani mkazi amene amaopa ngakhale tchimo la kutulo. Ena pano amathira mchere ndi manja awiri atachokera kumene achokera."

Kunamveka nthungululu. Nkhanga analira poyera, nanena kuti pa atsikana onse amene anawalangiza, uyu yekha ndiye anamva. Atsibweni anapukuta thukuta. Koma mlandu unali waukulu, ndipo ulendo uno sakanatha kuutseka osamufunsa mwini wake.

"Nangondo, zimene anena ankhoswezi ndi zoona?"

Nangondo akanatha kukana. Akanatha kutchula dzina, ndipo Gologolo akanavutika kulitsutsa. Anamuyang'ana. Gologolo sankayang'ana kwa iye. Ankayang'ana kwa amene ankaomba m'manja, mchira uli m'mwamba.

"Ndi zoona, atsibweni," anatero Nangondo. "Linali loto."

Anagwada, natapa mchere paphale, nathira m'ndiwo, natakasa, napereka mbale kwa mwamuna wake ndi manja awiri. Nungu anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadya.

Anthu atabalalika, Gologolo anapita pamtondo. Nangondo anali akusinja osaimba.

"Nangondo, mundimvetse. Njira ija inali yoopsa. Ndipeza ina yabwino, yoti tisataye kanthu."

"Zikomo, ankhoswe. Mwagwira ntchito yanu."

"Mlandu wotsatirawu ndilonjeza kuti..."

"Sipadzakhala wotsatira. Nkhoswe imabwera pakakhala ndewu. M'nyumba muno simudzakhalanso ndewu."

Ndipo anasunga mawu ake. Sanadandaulenso, sanatulutsenso khasu, sanaiwalenso mchere. Anamasula katundu uja kuseri kwa chitseko n'kubwezera chilichonse pamalo pake. Nungu anayesa kangapo kunena kanthu pakudya, koma Nangondo ankayankha mwaulemu, mawu amodzi kapena awiri, ndipo iye analeka. Anakalamba limodzi m'nyumba yachete, wina kuyang'ana khoma ili, wina khoma ilo.

Ukwati umenewo unatchuka m'dziko lonse. Anamkungwi ankatengera atsikana kukaona Nangondo, ndipo mabanja akayambana ankauzidwa kuti akaphunzire kwa a Chisale. Gologolo anthu anamutcha nkhoswe ya ankhoswe. Ankamuitana kumidzi yakutali, ndipo sanagonje mlandu ngakhale umodzi. Pakhomo limodzi lokha ndi pamene sanaitanidwenso, ndipo nkhoswe yosaitanidwa siponda pabwalo la mwini.

Ankakwera mumtengo wa kumalire a mudzi, pamene akanatha kuona mtondo uli patali, n'kumayankhula yekha mlandu uja kuyambira pachiyambi, kufotokoza chifukwa chake anachita bwino. Zidzukulu zake zinatengera khalidwe limenelo. Mukaona gologolo ali panthambi, mchira ukugwedezeka, akulongolola popanda womufunsa, mumvetsere bwino. Amanena zambiri, ndipo zonse ndi zanzeru. Mawu oti ndine simudzawamva.

Yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaione, mwina yapserera.